Mwana wosakhazikika pakhomo: mmene banja lingawerengere za ADHD ndi kugwiritsa ntchito zimene lawerenga

Ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika mu Chipata, ngakhalenso m'midzi ya ku Katete ndi ku Chadiza, kuli ana amene mayina awo enieni samveka kawirikawiri pakhomo. Amangotchedwa wosamva, wopulupudza, wojijirika. Mukamutuma mchere kumsika amabwera ndi tomato, mwinanso osabwera n'komwe chifukwa wapeza anzake akumenya mpira panjira. Kusukulu aphunzitsi amati nzeru ali nazo koma sakhala pansi, amayankha funso lisanathe, ndipo makope amataya temu iliyonse. Ena mwa ana amenewa ali ndi vuto limene madokotala amalitcha ADHD. Dzina lake lonse ndi attention deficit hyperactivity disorder, ndipo ndi limene mudzalembe pafoni mukamafufuza.

Zolembedwa za vutoli n'zambiri, koma zochuluka zili m'Chingerezi ndipo analembera mabanja a ku America ndi ku Ulaya. Kwathu kuno, amene amatha kuziwerenga kawirikawiri si amene amaswera ndi mwanayo. Wowerenga amakhala mlongo wake wa ku koleji kapena amalume a ku Lusaka, pamene wolera ndi amayi kapena ambuya. Choncho nkhani yaikulu ndi yakuti zowerengazo zifike m'makutu mwa aliyense amene amalera mwanayo, m'chilankhulo cha pakhomopo.

Choyamba, lembani musanawerenge

Gulani kope wamba la sukulu, likhale la mwana ameneyu yekha. Kwa milungu iwiri kapena itatu muzilembamo madzulo alionse. Musalembe kuti "lero wavuta." Lembani chimene wachita, nthawi yake, malo ake, ndi mmene tsikulo linayendera: anagona nthawi yanji, anadya m'mawa kapena anapita kusukulu ndi njala, munamutuma zinthu zingati pakamodzi. Lembaninso nthawi zimene anakhazikika. Mwina anatha ola lathunthu akupinda galimoto ya mawaya osadzutsa mutu. Zimenezo musazisiye, chifukwa ana ambiri a ADHD amatha kumira kwambiri pa chinthu chimene chawakoka mtima, ndipo chimawavuta ndi kukhazikika pa chimene sichiwakoka.

Ndikuti muyambe ndi kope chifukwa mndandanda wa zizindikiro umasokoneza. Mukangouwerenga, mwana aliyense pakhomopo amaoneka ngati ali nalo vutolo, pakuti palibe mwana amene saiwala kapena kuthamangathamanga. Kope lolembedwa musanawerenge limasunga zimene maso anu anaona okha. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wamkulu azilemba inu mukunena, kapena muzijambula mawu pafoni.

Chachiwiri, gwirani mfundo zoyezera zonse zimene mudzawerenge

Pali mfundo zochepa zimene akatswiri amagwirizana. Mukazigwira, simungapusitsidwe ndi nkhani iliyonse yobwera pa WhatsApp.

ADHD ndi vuto la kakulidwe ka ubongo, makamaka pa ntchito yoika maganizo pamodzi, yodikira, ndi yodziletsa. Limaoneka m'njira zitatu. Pali mwana wobalalika maganizo, woiwala ndi wotaya zinthu, koma wofatsa. Pali wojijirika ndi waphuma, amene amachita asanaganize. Ndipo pali amene ali ndi zonse ziwiri. Wofatsa uja ndiye amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa sasokoneza aliyense. Nthawi zambiri amakhala mtsikana, wokhala phee kumbuyo kwa kalasi maso ali pawindo, ndipo amangomulemba m'gulu la aulesi mpaka mayeso adzamugwetse.

Buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-5, la mu 2013, limati zizindikirozo zikhale zitayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zikhale zitatha miyezi 6 kapena kuposa, zizioneka m'malo osachepera awiri monga kunyumba ndi kusukulu, ndiponso zizisokonezadi maphunziro kapena kukhala bwino ndi anthu. Mwana amene amavuta kwa aphunzitsi amodzi okha, kapena amene wasintha mwadzidzidzi maliro atachitika pakhomo, nkhani yake ingakhale ina.

Padziko lonse, pafupifupi ana 5 pa ana 100 alionse ali ndi ADHD. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 60 si zodabwitsa kupezamo atatu. Kafukufuku wa ana amapasa anasonyeza kuti chibadwa ndicho chimatenga mbali yaikulu, pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Kubadwa masiku asanakwane, kubadwa ndi sikelo yotsika, ndiponso poizoni wa mtovu ngati amene anavutitsa ana a ku Kabwe, nazo zimawonjezera chiopsezo. Shuga sayambitsa ADHD. Kulera molekerera sikuyambitsanso, ngakhale kuti mmene pakhomo mulili zimachepetsa kapena kukulitsa mavuto ake. Ndipo amene anganene kuti awa ndi matenda atsopano obwera ndi mafoni, muwauze kuti dokotala wa ana George Still anafotokoza za ana oterewa ku London mu 1902.

Chachitatu, sankhani zowerenga

Simufunika mulu wa mabuku. Zolemba ziwiri kapena zitatu zodalirika n'zokwanira poyambira. Pa intaneti, yambani ndi masamba a mabungwe azaumoyo: World Health Organization, NHS ya ku Britain, ndi CDC ya ku America. Masamba a NHS ndi a CDC analembera makolo, ndipo Chingerezi chake n'chosavuta. World Health Organization ili ndi buku laulere lotchedwa mhGAP Intervention Guide, limene linatuluka mu 2010 n'kukonzedwanso mu 2016. Analembera ogwira ntchito m'zipatala zimene mulibe akatswiri a zamaganizo, ndipo gawo la ana lili ndi malangizo achidule opita kwa olera. Ubwino wake ndi wakuti polilemba ankaganizira mayiko ngati lathu. Amene ali ndi wachibale wotha kugula buku kunja angafunse la Russell Barkley lotchedwa Taking Charge of ADHD, lolembera makolo, limene linayamba kutuluka mu 1995. N'lalikulu, ndipo silofunika kuliwerenga lonse.

Mukakhala ndi bandulo, sungani masambawo pafoni kuti muziwerenga popanda netiweki. Kuposa apo, kasindikizeni masamba anayi kapena asanu pamalo osindikizira m'tauni. Pepala limayenda m'manja mwa anthu ambiri kuposa foni, ndipo mungalembepo Chinyanja m'mbali.

Chenjerani ndi chilichonse cholonjeza kuchiza ADHD kotheratu, chilichonse chimene chimathera pa kukugulitsani mankhwala kapena ufa wothira m'phala, ndiponso timavidiyo ta pa TikTok ndi Facebook timene timati ukachita chakuti ndiye kuti uli ndi ADHD. Nkhani za anthu ofotokoza moyo wawo zimatonthoza mtima ndipo n'zabwino kuzimva, koma za mwana wa wina si muyezo wa mwana wanu.

Chachinayi, werengani mokweza, banja lili pamodzi

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Sankhani nthawi imene akuluakulu apakhomo amakhala pansi, mwina Lamlungu masana mutabwera kutchalitchi. Pakhale amayi, abambo, ambuya, ndi aliyense amene amatsala ndi mwanayo, ngakhale mtsikana wothandiza ntchito zapakhomo. Masiku oyamba mwiniwakeyo asakhalepo. Akuluakulu akamakambirana pamatuluka mawu olemera, ndipo mwana ameneyu wamva kale okwanira.

Wodziwa Chingerezi awerenge ndime imodzi, aime, aifotokoze m'Chinyanja cha tsiku ndi tsiku. Asavutike ndi kumasulira liwu ndi liwu. Akatero afunse kuti, "Kodi zimenezi timaziona pa mwana wathu?" Pamenepo tsegulani kope lija. Mwina ndimeyo ikunena za kulephera kudikira, ndipo m'kopemo muli tsiku limene anapsa dzanja potapa nsima isanaphulidwe. Mwinanso mupeza kuti ndimeyo sikumukhudza n'komwe. Zonsezo n'zothandiza. Tsamba limodzi pa mlungu n'lokwanira.

Inu wowerenga, makamaka ngati ndinu wamng'ono pakhomopo, dzichepetseni. Musakhale ngati mwabwera kudzaphunzitsa akuluakulu kulera. Ambuya analera ana ambiri musanabadwe, ndipo mukawafunsa mwaulemu kuti, "Ambuya, kodi pa mtundu pathu panali mwana wina wotere?" kawirikawiri amakhala ndi yankho. Amakumbukira mlongo wawo amene sankatha mzere m'munda, kapena mwana wawo amene anasiya sukulu ali ndi nzeru. Akangoona okha kuti zimenezi zimayenda m'magazi, mtima wawo pa mdzukuluyo umafewa kuposa mmene pepala lililonse lingawafewetsere.

Nkhani ya kulodzedwa idzatuluka, ndipo musaithawe kapena kuiseka. Amene akuinena akufunafuna chifukwa, monganso inu. Muwamvetsere, kenako muwerenge nawo ndime yonena za chibadwa ndi za kuchuluka kwa ana oterewa m'mayiko onse. Kupempherera mwana n'kwabwino, ndipo sikuletsa kupita naye kuchipatala. Chimene muyenera kukana ndi mtima wonse ndi chilichonse chomupweteka: kumutema mphini, kumusalitsa kudya, kumumanga, kapena kumuimika pagulu n'kumamunena kuti ali ndi ziwanda. Mwana amene wauzidwa zimenezo pamaso pa anthu amazisenza mpaka kukula.

Powerengapo mudzakumana ndi malangizo osayenera pakhomo panu. Adzati mwana akhale ndi chipinda chake chowerengera, pamene inu mumagona anthu asanu ndi mmodzi m'zipinda ziwiri. Musataye pepalalo. Funsani kuti cholinga cha langizolo n'chiyani. Cholinga ndi kuchepetsa zomukopa maso ndi makutu. Ndiye mpando woyang'ana kukhoma kuseri kwa nyumba, wailesi itazimitsidwa ndipo ang'ono ake ali kutali, ukukwaniritsa zomwezo.

Chachisanu, mukawerenga sankhani chinthu chimodzi choti muchite

Mbewu zambiri m'phando limodzi zimangopanikizana. Mukamaliza kuwerenga, gwirizanani chinthu chimodzi chokha choti nonse muyese kwa milungu iwiri, ndipo muchilembe m'kope.

Malo abwino oyambira ndi katumidwe. Musamukuwire muli kukhitchini iye ali pabwalo. Pitani pafupi, mutchuleni dzina, muonetsetse kuti wakuyang'anani, ndipo mumuuze chinthu chimodzi: "Katenge ndowa." Anene mobwereza chimene mwamuuza. Akabweretsa ndowayo, ndiye mumuuze chotsatira. Zija zoti katenge ndowa, utseke nkhuku, ubwerenso ndi machesi kwa amake uje, zimathera panjira, ndipo iye amakwapulidwa chifukwa cha zinthu zimene mutu wake sunathe kusunga.

Zikakhazikika zimenezo, onjezerani kuyamikira. Mwana wa ADHD amadzudzulidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, moti dzina lake likatchulidwa amayembekezera mlandu. Muzimupeza akuchita chabwino, ngakhale chaching'ono, n'kumuuza nthawi yomweyo chimene wachita: "Wachita bwino, wabweza mbale pamalo pake." Kuyamikira kwa mawa kapena mphatso ya kumapeto kwa temu zili kutali kwambiri kwa iye. Ena adzati mukumusasatitsa. Ayi, mukumusonyeza njira imene mukufuna kuti aziyendamo.

Kenako bwerani pa ndondomeko ya tsiku. Kudzuka, kusamba, kudya ndi kugona zizichitika nthawi zofanana tsiku lililonse. Yunifomu, nsapato ndi chikwama zikhale ndi msomali kapena ngodya yake, ndipo azikonzeratu madzulo. Ana a zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo kusagona mokwanira kumakulitsa kujijirika, choncho TV ndi foni zizizimitsidwa nthawi yogona isanakwane. Ntchito ya kusukulu muiduledule: mphindi khumi akulemba, kenako adzuke akatunge madzi kapena athamange kuzungulira nyumba, abwerenso. Ntchito zofuna mphamvu, monga kuthirira dimba kapena kusenza nkhuni, zimamuyenera ndipo zimamupatsa pomuyamikira.

Kumbukiraninso msewu. Mwana waphuma amadumphira pamsewu asanayang'ane, ndipo mu Chipata njinga zakapalasa ndi zamoto zimatulukira paliponse, osanena za magalimoto akuluakulu a mu Great East Road. Muziyenda naye n'kumaima limodzi m'mphepete mwa msewu mobwerezabwereza, mpaka kuimako kulowe m'miyendo.

Za chikwapu ndinene mosabisa. Mwanayu wamenyedwa kale kambirimbiri, ndipo chikanakhala mankhwala bwenzi atachira. Chimene chimatsatira ndi mantha, bodza ndi kuthawa pakhomo. Ndiponso lamulo la Children's Code Act la mu 2022 linaletsa kulanga mwana pomumenya muno mu Zambia. Chilango chikhale chachifupi, chodziwikiratu, ndi chobwera nthawi yomweyo, monga kusapita kumpira madzulo a tsiku limenelo. Tsiku limene mwafika pakhosi, tulukani kaye panja, mwanayo atsale ndi wina. Mukaona kuti zinthu zikufika poopsa pakhomo, nambala yaulere ya Childline Zambia ndi 116.

Chachisanu ndi chimodzi, tengani kope lija mupite kuchipatala

Kuwerenga sikungakuuzeni motsimikiza kuti mwana ali ndi ADHD. Palibenso kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kumaonetsa vutoli. Wachipatala amalizindikira pofunsa mbiri ya mwana, pomuona, ndi pomva za kunyumba ndi za kusukulu. N'chifukwa chake kope lanu ndi lamtengo wapatali. Tenganinso khadi lake la kusikelo ngati lilipo, malipoti a kusukulu, ndi kalata yachidule ya aphunzitsi.

Yambirani kukiliniki ya kwanuko. Pemphani kuti amuone makutu ndi maso, chifukwa mwana amene khutu lake linkatuluka mafinya angakhale wosamva m'njira yeniyeni, ndipo amene saona bwino pabolodi amayamba kusewera. Funsaninso za magazi, pakuti kuchepa kwa magazi kobwera ndi malungo, likodzo kapena njoka za m'mimba kumafooketsa maganizo. Ngati anadwalapo malungo a mu ubongo, nenani, chifukwa ana ena amatsala ndi vuto la khalidwe ndi la kuika maganizo pamodzi. Ngati amangoti duu kwa kanthawi kochepa, maso ali gwa, osayankha, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, nenaninso. Pali mtundu wa khunyu wosagwetsa pansi umene umaoneka choncho, ndipo uli ndi mankhwala ake. Njala, nkhawa, nkhanza ndi chisoni nazonso zimabalalitsa mwana.

Akaona kuti m'pofunika, adzakulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu monga Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete, ndipo nkhani zovuta zimatha kufika ku Lusaka, ku University Teaching Hospital kapena ku Chainama, chipatala cha zamaganizo. Dzina la Chainama lisakuopseni, kupita kumeneko sikutanthauza misala.

Mudzawerenga za mankhwala otchedwa methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin. Amathandiza ana ambiri kukhazikika, koma sachotsa vutolo, ndipo angachepetse chilakolako cha chakudya ndi tulo. Ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo, olembedwa ndi dokotala yekha, amene amayenera kumatsatira sikelo, msinkhu ndi kuthamanga kwa magazi kwa mwanayo. Kwa ana osakwana zaka 6, akatswiri amalangiza kuyamba ndi kuphunzitsa makolo njira zolerera ngati zimene tanenazi. Musagule mankhwalawa pamsika kapena kwa munthu wobwera nawo kuchokera kunja, ndipo musapemphe a mwana wa mnzanu.

Chachisanu ndi chiwiri, gawanani ndi aphunzitsi

Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi ambiri anadzaza, ndipo aphunzitsi sangathe kuwerenga buku lonse chifukwa cha mwana mmodzi. Apatseni tsamba limodzi, ndi zopempha zosafuna ndalama: akhale kutsogolo, kutali ndi windo ndi chitseko, azipatsidwa ntchito pang'onopang'ono, azitumidwa kufufuta bolodi kapena kugawa makope kuti apeze podzukira, asamalandidwe nthawi yopuma ngati chilango. Ngati pasukulupo pali aphunzitsi a guidance, olangiza ana, kambiranani nawonso.

Chomaliza, werengani ndi mwanayo

Iye akudziwa kale kuti pali chosiyana, ndipo ngati simumuuza, amadzipezera yekha yankho lakuti ndi woipa kapena mbuli. Mukhale naye pansi awiriwiri, mumuuze mwachidule monga mwa msinkhu wake: "Mwanangu, mutu wako umathamanga ndipo kudikira kumakuvuta. Si iwe wekha, ana ambiri ali choncho. Si mlandu wako, koma tiphunzira limodzi mochitira." Abale ake nawonso muwafotokozere, kuti asamaone ngati mukukondera, ndipo muwaletse kumutcha mayina aja.

Pambali pa zimenezo, muziwerenga naye nkhani wamba tsiku ndi tsiku, kwa mphindi zisanu kapena khumi. Mabuku a Chinyanja a kusukulu ndi okwanira, ngakhalenso nkhani za m'Baibulo za ana kapena chilichonse chokhudza zimene amakonda, kaya mpira kaya magalimoto. Muzisinthana mizere, inu umodzi iye umodzi. Aziloza ndi chala, kapena muphimbe mizere ya m'munsi ndi pepala kuti maso asadumphe. Akafuna kumvetsera ataima kapena akugubuduza mwala m'manja, mulekeni. Muziima pakati n'kumufunsa kuti akuganiza kuti chichitike n'chiyani, ndipo muzisiya asanatope, nkhani ikadali yokoma. Mukaona kuti ngakhale atakhazikika amasokonezabe zilembo, kapena sakutha kulumikiza ma, me, mi pamene anzake anadutsa kale, auzeni aphunzitsi ndi achipatala. Vuto la kuwerenga lotchedwa dyslexia limapezeka kawirikawiri pamodzi ndi ADHD, ndipo limafuna thandizo lakelake.

Temu ikatha, bwererani ku masamba oyamba a kope lija, muone chimene chasintha ndi chimene chakanika, kenako musankhe tsamba lina loti muwerenge. Nthawi zina powerengapo abambo kapena amayi amayamba kudziona okha m'zimene zikuwerengedwazo: ntchito zosiyidwa pakati, ndalama zothera pa zinthu zosakonzekera, mkwiyo wofulumira. ADHD imapitirira mpaka ukulu mwa anthu ambiri, ndipo akuluakulu pafupifupi 2 kapena 3 pa 100 alionse ali nayo. Zikakhala choncho kwa inu, mudzazinenenso kwa wachipatala pa ulendo wotsatira, chifukwa ndondomeko ya mwanayo imadalira munthu wamkulu amene akuiyendetsa, ndipo nanunso mukhoza kuthandizidwa.